Fakitale youmba pulasitiki ku Dublin: ndalama zimalowa pati?

Chidebe chotungira madzi, kapu, chipeso, chivindikiro cha botolo ndi sirinji ya kuchipatala zimapangidwa m'njira imodzi. Timibulu ta pulasitiki timatsikira mu mpope wotentha, sikuluwu yaikulu imatizungulitsa mpaka titasungunuka, kenako phala lakelo limakankhidwa mwamphamvu kulowa m'chikombole chachitsulo chotsekedwa. Likazizira, chikombole chimatseguka, chinthu n'kugwa, ntchito n'kuyambiranso. Amisiri ake amati injection moulding. Makina oyamba a mtunduwu anavomerezedwa ku America mu 1872 m'dzina la John Wesley Hyatt ndi m'bale wake, ndipo sikuluwu imene ili m'makina a masiku ano inabwera ndi James Watson Hendry mu 1946.

Mafunso ali m'munsimu ndi a munthu amene akufuna kutsegula fakitale yotere ku Dublin, likulu la Ireland, kumene kuli Amalawi ambiri ndithu, ndipo akufuna kudziwa kuti makina ndi zikombole zimutengera zingati. Masamu ake sasintha ngakhale fakitaleyo ikanakhala ku Makata kapena ku Kanengo. Chosintha ndi kulemera kwa nambala iliyonse.

Dziko laling'ono ngati Ireland, msika wa fakitale yotereyi uli kuti?

Si wa zidebe ndi mabeseni ayi. Kalembera wa 2022 anapeza anthu oposa pang'ono 5 miliyoni m'dzikomo, ochepa kuposa a m'chigawo chapakati cha Malawi, ndipo katundu wotchipa wa m'nyumba amabwera m'makontena. Chimene chimadyetsa mafakitale a pulasitiki kumeneko ndi zipangizo zachipatala zotumiza kunja. Ku Damastown, kumpoto chakumadzulo kwa Dublin, kuli fakitale ya West Pharmaceutical Services imene imaumbira makampani ena tizipangizo tachipatala. Ku Dún Laoghaire kuli embecta, imene inapatuka ku kampani ya BD mu 2022, ndipo imapanga timasingano tobayira insulin. Ku Bray, kungotuluka pang'ono mu Dublin kulowera kummwera, kuli fakitale imene inkadziwika kuti Nypro, kampani imene Jabil inagula mu 2013. Pakati pa dzikolo pali Mergon ku Castlepollard ndi Trend Technologies ku Mullingar, ndipo ku Galway kuli makampani akuluakulu ogula zinthuzi monga Medtronic ndi Boston Scientific.

Izi zimakhudza bajeti mwachindunji. Kasitomala wotere sagula chinthu chimene chasiyana ndi chinzake ngakhale ndi kachigawo kakang'ono ka milimita, choncho ndiye amene amakusankhirani mtundu wa makina, mtundu wa chitsulo cha chikombole, ngakhale mpweya wa m'chipinda chimene mukugwiriramo ntchito.

Ndiye ndiyambe ndi kufunsa mtengo wa makina?

Ayi, ndipo apa ndi pamene ambiri amasochera. Wogulitsa makina wanzeru sangakupatseni kotesheni musanamuuze chimene mukufuna kuumba, kukula kwake, mtundu wa pulasitiki, ndi kuchuluka kwa zimene mukufuna pa chaka. Makina amasankhidwa pomaliza.

Tiyerekeze ndi nambala zongopeka kuti njira ioneke. Mwapeza oda ya tizivindikiro ta polypropylene 10 miliyoni pa chaka, kalikonse kolemera magalamu 3. Tinene kuti chikombole chimatseka, kudzaza, kuzizira ndi kutseguka m'masekondi 12, kutanthauza maulendo 300 pa ola. Chikombole chikakhala ndi mphako 4, mutulutsa tizivindikiro 1,200 pa ola, ndipo kuti mukwanitse odayo mufunika maola 8,333. Chaka chonse chili ndi maola 8,760 okha, kuphatikizapo Khirisimasi ndi tsiku la Patrick Woyera. Sizingatheke ndi makina amodzi. Ndi mphako 8 mutulutsa 2,400 pa ola, maola ofunika n'kukhala 4,167. Fakitale yogwira usana ndi usiku masiku 5 pa sabata kwa masabata 48 ili ndi maola 5,760, ndipo mukachotsapo gawo limodzi mwa magawo asanu la kusintha zikombole, kukonza ndi kuima kosayembekezereka, atsala 4,608. Mphako 8 zikukwana, ngakhale mothina. Mphako 16 zingamalize ntchito m'maola 2,083, koma chikombole chake n'chodula kwambiri, chimafuna makina okulirapo, ndipo makinawo adzakhala theka la chaka akungokhala ngati mulibe oda ina.

Mwaona kuti sitinatchule mtengo uliwonse, koma tadziwa kale kuchuluka kwa makina, kukula kwa chikombole ndi mashifiti a antchito.

Nanga matani amene amatchulidwa pa makina, akuti matani 80, matani 500, ndi kulemera kwake?

Ndi mphamvu imene makina amapanira nayo mbali ziwiri za chikombole kuti zisatseguke phala likamalowa. Phala limakankha sikweya sentimita iliyonse ya mphako ndi mphamvu yofanana ndi kulemera kwa makilogalamu 300 mpaka 500, nthawi zina kuposa apo ngati chinthucho n'chopyapyala kapena pulasitiki wake ndi wolimba kuyenda. Makina akachepa mphamvu, phala limatulukira m'mphepete, chinthu chilichonse n'kutuluka ndi timapiko tofunika kudula ndi mpeni.

Pa chitsanzo chathu, tinene kuti kachivindikiro kalikonse nkhope yake ndi masikweya sentimita 12. Mphako 8 zikupereka 96, kuwonjezera tinjira todutsamo phala tifike pa 110. Kuchulukitsa ndi theka la tani kukupereka matani 55. Palibe amene amafuna makina azigwira pa malire a mphamvu yake tsiku ndi tsiku, choncho mungasankhe a matani 80. Koma pali zina ziwiri zoyeza. Chikombole chiyenera kulowa pakati pa mizati inayi ya makinawo, ndipo nthawi zambiri zimenezi n'zimene zimakakamiza munthu kugula a matani 100 kapena 120. Komanso phala lofunika pa ulendo umodzi lisakhale lochepetsetsa kapena lochulukitsitsa poyerekeza ndi limene mpope umasunga. Amisiri amakonda kuti likhale pakati pa 20 ndi 80 peresenti. Likachepa kwambiri, pulasitiki amakhalitsa pamoto n'kuwonongeka.

Chabwino, tsopano tiuzeni mtengo.

Opanga makinawa sapachika mitengo pakhoma. Chimene tinganene n'chakuti makina ang'onoang'ono atsopano a ku China amapezeka pa mayuro masauzande makumi angapo, a msinkhu womwewo a ku Ulaya kapena ku Japan oyendera magetsi okhaokha amafika kapena kupyola €100,000 mukawonjezera zofunika zake, ndipo a matani 500 kupita m'mwamba amawerengedwa m'mazana a masauzande. Mayina amene mudzakumana nawo ndi Engel ndi Wittmann a ku Austria, Arburg ndi KraussMaffei a ku Germany, Fanuc ndi Sumitomo a ku Japan, Husky wa ku Canada, ndi Haitian wa ku Ningbo ku China, amene amagulitsa makina ochuluka zedi padziko lonse. Chionetsero chachikulu cha zonsezi, chotchedwa K, chimachitikira ku Düsseldorf zaka zitatu zilizonse.

Pofananiza makotesheni, yang'anani zimene zasiyidwa. Wina amaphatikiza kubweretsa makina, kuwakhazika ndi kuphunzitsa antchito, wina amangokupatsani mtengo wa pa geti la fakitale yake. Funsaninso kuti makina akaima Lachisanu usiku, mmisiri wawo achokera kuti. Ireland ndi chilumba. Ngati mmisiri ndi masipeya ziyenera kukwera ndege, tsiku limodzi la kuima limasanduka masiku anayi.

Oyendera magetsi okhaokha kapena a hydraulic?

A hydraulic amagwiritsa ntchito pampu ndi oyilo, ndi otchipa pogula, ndipo amapirira. Oyendera magetsi okhaokha, amene anayamba kufala kuchokera ku Japan m'zaka za m'ma 1980, ali ndi mota yakeyake pa kuyenda kulikonse, choncho amadya magetsi pokhapokha pamene chinthu chikuyenda. Poyerekeza ndi a hydraulic akale, kusiyana kwa magetsi kumatha kufika theka. Alibenso oyilo wambiri wodontha, ndipo amabwereza ntchito mofanana ulendo uliwonse.

Ku Dublin yankho limapendekera kwa amagetsi, pa zifukwa ziwiri. Magetsi a ku Ireland ali m'gulu la odula kwambiri mu Ulaya, ndipo makasitomala a zachipatala safuna nthunzi ya oyilo pafupi ndi katundu wawo. Pa zinthu zikuluzikulu zofuna matani ambirimbiri, a hydraulic amakono kapena osakaniza njira ziwirizi akadali anzeru.

Makina ogwiritsidwa kale ntchito alipo ambiri, ndipo kwa woyamba ndi chinthu chosavuta si olakwika. Onetsetsani kuti sikuluwu ndi mpope sizinaperepeseke, kuti kompyuta yake ikadali ndi masipeya, ndiponso kuti ali ndi chizindikiro cha CE. Makina ochokera kunja kwa European Union opanda mapepala amenewa amasiya udindo wonse wa chitetezo m'manja mwa wowalowetsa m'dziko, ndipo bungwe la Health and Safety Authority limafunsa.

Bwanji chikombole chimadula chonchi, pamene chili chitsulo chabe chokhala ndi maenje?

Woumba njerwa amakhoma chikombole chake ndi matabwa m'mawa umodzi, ndipo njerwa ikasiyana pang'ono ndi inzake matope amabisa. Chikombole cha pulasitiki ndi makina paokha. Mkati mwake muli tinjira tobowoledwa toyendamo madzi oziziritsa, timapini tokankha chinthu kuti chituluke, timipata tosaoneka ndi maso totulutsira mpweya, ndipo ngati chinthucho chili ndi bowo lam'mbali kapena mazinga ngati a chivindikiro, muli zitsulo zoyenda zimene zimachoka zokha chikombole chisanatseguke. Chilichonse mwa izi ndi maola a injiniya wojambula, maola a makina osema chitsulo, ndi maola a mmisiri wopukuta ndi manja. Chitsulo chenichenicho ndi gawo laling'ono la mtengo. Zambiri mukulipira nthawi ya anthu aluso, ndipo chikombole chilichonse chimapangidwa chimodzi chokha.

Mtengo umayambira pa mayuro masauzande ochepa, pa chikombole cha aluminiyamu cha mphako imodzi, kufika €100,000 ndi kupitirira kutali pa cha chitsulo cholimba cha mphako zambiri. Zimene zimaukweza ndi izi: kuchuluka kwa mphako, zitsulo zoyenda zija, kusalala kofunika pankhope ya chinthu, kuthina kwa miyeso, ndi mtundu wa chitsulo. P20 ndi chitsulo chapakatikati chosavuta kusema. H13 chimaumitsidwa ndi moto ndipo chimakhalitsa. Pa zachipatala ndi pulasitiki wodya chitsulo ngati PVC amakonda chitsulo chosachita dzimbiri. Pulasitiki wosakaniza ndi ulusi wagalasi amapala chikombole ulendo uliwonse, choncho amafuna cholimba.

Pali kagawidwe kakale ka ku America, ka bungwe limene linkatchedwa SPI, kamene ogula ndi opanga amagwiritsabe ntchito polankhulana. Class 105 ndi chikombole chongoyesera, cha maulendo osapitirira 500. Class 104 chimafika 100,000, Class 103 chimafika 500,000, Class 102 chimafika miliyoni imodzi, ndipo Class 101 ndi chopangidwira kupyola miliyoni. Bwererani ku tizivindikiro tathu: 10 miliyoni kugawa ndi mphako 8 ndi maulendo 1,250,000 chaka chimodzi chokha. Kotesheni yotchipa ya Class 103 ingakusangalatseni lero, koma chikombolecho chidzatopa miyezi isanu isanathe.

Chosankha china ndi tinjira ta phala. Tikakhala tozizira, ulendo uliwonse umatulutsa kamtengo ka pulasitiki kofunika kutaya kapena kugaya. Tikakhala totenthetsedwa ndi magetsi, amene amati hot runner, palibe chotayika ndipo ulendo umafupika, koma chikombole chimakwera mtengo ndi mayuro masauzande ambiri ndipo chimafuna bokosi lakelake lowongolera kutentha. Pa zachipatala, kumene pulasitiki wogayidwanso nthawi zambiri saloledwa, kamtengo kaja ndi ndalama zopita kudzala, ndiye hot runner imadzilipira msanga.

Chinthu chimodzi chimene anthu sachiona: mbali yaikulu ya masekondi 12 aja ndi kudikira kuti pulasitiki azizire, ndipo nthawi yozizira imakula mofulumira kuposa kukhuthala kwa chinthu. Khoma likakhuthala kawiri, kudikira kumachuluka pafupifupi kanayi. Choncho wojambula amene wachepetsako khoma, kapena wopanga chikombole amene waika bwino tinjira ta madzi, wakupulumutsirani ndalama zoposa zimene mungapeze ponenerera mtengo wa makina.

Amalipira chikombole ndani?

Ngati mukuumba katundu wanuwanu, ndinu. Ngati mukuumbira kampani ina, monga mmene mafakitale ambiri a ku Ireland amachitira, kawirikawiri kasitomala ndiye amalipira ndipo chikombole ndi chake, inu mumangochisunga ndi kuchisamalira. Izi zimapeputsa bajeti yoyambira, koma zikutanthauzanso kuti angatumize lole kudzachitenga. Ena amapempha kuti mulipire inu, mtengo wake azikubwezerani pang'onopang'ono pa chinthu chilichonse. Mukavomera zimenezo, mgwirizano unene kuchuluka kwa katundu amene alonjeza kugula, ndi amene alipire chotsala akaleka panjira.

Tikachipangitse kuti, ku Ireland konko kapena ku China?

Ku Ireland luso limeneli kwawo ndi ku Sligo, kumpoto chakumadzulo kwa dzikolo, kumene kuli makampani monga Avenue Mould Solutions, amene tsopano ali pansi pa Nolato ya ku Sweden. Ndi ulendo wa maola osakwana atatu pa galimoto kuchokera ku Dublin. Ku Portugal kuli tauni ya Marinha Grande, yodziwika mu Ulaya monse ndi zikombole. Ku China kuli Shenzhen, Dongguan ndi Huangyan, kumene mtengo wa pa pepala umakhala wotsika kwambiri ndipo opanga abwino alipo ndithu.

Kusiyana kwenikweni kumaoneka mukawonjezera zotsalazo. Chikombole sichituluka bwino pa kuyesa koyamba. Amachiyesa, kutumiza masampulo, inu n'kuyeza, iwo n'kukonza, kenako kuyesanso, mwina katatu. Wina ayenera kukwera ndege kukaona. Pambuyo pake pali ulendo wa panyanja wa masabata angapo, umene unatalika kuyambira kumapeto kwa 2023 pamene sitima zambiri zinasiya Red Sea n'kuyamba kuzungulira ku South Africa. Chikafika, ngati mapini ndi zotenthetsera zake si za miyeso imene imapezeka ku Ulaya, kukonza kulikonse ndi kudikira phukusi. Ine ndimaona kuti chikombole chosavuta cha katundu wamba n'chanzeru kupangitsa kutali, koma cha chinthu chimene kasitomala akusinthasinthabe maonekedwe ake chipangidwe kumene mungafike tsiku lomwelo.

Malipiro amagawidwa nthawi zambiri patatu: poyitanitsa, pa masampulo oyamba, ndi pomaliza kuvomereza. Kuyambira dipoziti mpaka chikombole chogwira ntchito pamapita miyezi iwiri mpaka isanu, ndipo miyezi yonseyo lendi ikuwerenga.

Kupatula makina ndi chikombole, n'chiyaninso chofunika kugula?

Zambiri, ndipo pa fakitale yaing'ono zikaphatikizidwa zimatha kuyandikira mtengo wa makina enieniwo. Pamafunika makina oziziritsa madzi ndi mipope yake, timakina tosunga chikombole pa kutentha kumodzi, kompuresa ya mpweya, zokokera timibulu kupita pamwamba pa makina, ndi chogayira zowonongeka. Nayiloni, PET, ABS ndi polycarbonate zimayamwa chinyezi ndipo ziyenera kuumitsidwa maola angapo zisanalowe mu mpope, apo ayi katundu amatuluka ndi mizere kapena wosachedwa kusweka. Polypropylene ndi polyethylene sizifuna zimenezo. Pamafunika kireni, chifukwa chikombole cha makina apakatikati chimalemera makilogalamu mazana angapo mpaka matani. Pamafunika zoyezera, ndi kachipinda ka mmisiri wosamalira zikombole.

Ndiye pali roboti yochotsa katundu m'chikombole. Ku Ireland malipiro otsikitsitsa ololedwa ndi lamulo anali €13.50 pa ola mu 2025, ndipo olemba ntchito amawonjezera pafupifupi 11 peresenti ya msonkho wotchedwa PRSI. Anthu osinthana kuima pa makina amodzi maola 4,600 pa chaka akutengerani ndalama zoposa €60,000. Roboti yaing'ono imadula zochepera pamenepo. N'chifukwa chake m'mafakitale a kumeneko mumaona munthu mmodzi akuyang'anira makina angapo. Wosowa ndi mmisiri wodziwa kukhazika chikombole ndi kuwongolera makina. Ambiri a iwo amaphunzira ku Athlone, ku Technological University of the Shannon ndi ku First Polymer Training Skillnet, ndipo mafakitale amalimbirana.

Nyumba ndi magetsi ku Dublin zili bwanji?

Malo a mafakitale ali m'mbali mwa msewu wa M50 ndi misewu yotulukamo: Ballycoolin, Damastown, Ballymount, Park West, Greenogue. Nyumba zambiri kumeneko zinamangidwa ngati mosungira katundu. Musanasaine lendi, injiniya aone ngati simenti yapansi ingasenze makina, ngati denga lili ndi mpata wa kireni, ndiponso ngati khonsolo imalola kupangiramo zinthu. Makhonsolo a Dublin ndi anayi, Dublin City, Fingal, South Dublin ndi Dún Laoghaire-Rathdown, ndipo iliyonse imatolera msonkho wa chaka ndi chaka pa nyumba zamalonda.

Funso lofunika kuposa onse ndi la magetsi. Nyumba iliyonse ili ndi mlingo wa magetsi umene inagwirizana ndi kampani ya magetsi ya ESB Networks, ndipo wa mosungira katundu ndi wa mababu ndi foloko yonyamulira basi. Kuukweza kungafune thiransifoma yatsopano ndi miyezi yodikira. Dera la Dublin lili kale pampanipani chifukwa cha nyumba zosungira makompyuta a intaneti, zimene mu 2023 zinadya 21 peresenti ya magetsi onse oyezedwa m'dzikolo, malinga ndi Central Statistics Office. Funsani za magetsi musanafunse za lendi.

Mwatchula zachipatala kangapo. Zimawonjezera chiyani pa bajeti?

Choyamba ndi chipinda choyera, chimene mpweya wake umasefedwa usana ndi usiku, kawirikawiri cha mlingo wa ISO 7 kapena ISO 8. Kuchimanga n'kodula, kuchiyendetsanso kumadya magetsi ngakhale makina ataima. Chachiwiri ndi satifiketi ya ISO 13485, imene imafuna munthu wolembedwa ntchito yoona za ubwino wa katundu kuyambira tsiku loyamba. Chachitatu ndi kutsimikizira, kumene amakutchula ndi zilembo IQ, OQ ndi PQ: kuonetsa ndi mapepala kuti makina anakhazikidwa bwino, kuti amatulutsa katundu wabwino ngakhale pa malire a kutentha ndi mphamvu, ndiponso kuti amatero mobwerezabwereza. Izi zimachitika pa chikombole chilichonse ndi makina ake, ndipo zimatenga miyezi, mukuwotcha pulasitiki ndi magetsi popanda chogulitsa. Chiyambireni kugwira ntchito lamulo latsopano la European Union la zipangizo zachipatala mu May 2021, makasitomala akufuna mapepala ochuluka kuposa kale kwa aliyense wowapangira kanthu.

Boma limathandizapo?

Limathandiza, koma musamange bajeti pa thandizolo. IDA Ireland imaona makampani akunja obwera kudzakhazikika, Enterprise Ireland imaona a m'dziko momwemo ofuna kugulitsa kunja, ndipo Local Enterprise Office ya m'dera lanu imaona mabizinesi ang'onoang'ono. Msonkho wa phindu la malonda ndi 12.5 peresenti, kupatula makampani akuluakulu zedi amene kuyambira 2024 amalipira 15. Mtengo wa makina umachotsedwa pa phindu lokhomeredwa msonkho pang'onopang'ono, 12.5 peresenti pa chaka kwa zaka 8, koma zipangizo zosawononga magetsi zimene zili pa mndandanda wa bungwe la SEAI zingachotsedwe zonse chaka choyamba. VAT ndi 23 peresenti. Kampani yolembetsedwa imabwezeredwa ndalamayo, ndipo kuyambira 2021 ingathe kungoilemba m'mabuku m'malo moilipira pa doko katundu akachokera kunja kwa European Union. Kumbukirani kuti Britain tsopano ili kunjako, choncho makina ogulidwa ku Birmingham amafuna mapepala a kasitomu pamene ochokera ku Austria safuna.

Zonsezi zimasanduka bwanji mtengo wa kachivindikiro kamodzi?

Nambala izi ndi zongoyerekezanso. Makina ndi zowazungulira atenge €200,000. Kugawa pa zaka 8 ndi €25,000 pa chaka, ndipo akagwira maola 4,600, ola lililonse lasenza pafupifupi €5.40. Mukawonjezera magetsi, antchito, lendi, inshulansi, kukonza ndi chiwongoladzanja cha banki, tinene kuti ola la makinawo lafika €45. Kugawa ndi tizivindikiro 2,400 ndi masenti 1.9 kalikonse. Pulasitiki wa magalamu 3 pa €1.60 pa kilogalamu ndi pafupifupi theka la senti. Chikombole cha €80,000 chogawidwa pa tizivindikiro 30 miliyoni ta zaka zitatu ndi masenti 0.27. Zonse pamodzi masenti 2.6 ndi pang'ono.

Tsopano gwedezani nambala imodziimodzi. Mukanenerera makina n'kutsitsa mtengo ndi €20,000, ola latsika ndi masenti 54 okha, ndipo pa kachivindikiro kamodzi simungaone n'komwe. Koma ulendo ukatalika kuchoka pa masekondi 12 kufika 15 chifukwa chikombole sichizizira bwino, mutulutsa 1,920 pa ola, mtengo wa makina pa kachivindikiro wakwera kufika masenti 2.3, ndipo maola ofunika afika 5,208, oposa amene muli nawo. Kasitomala akagula miliyoni imodzi yokha n'kusiya, chikombole chija chasanduka masenti 8 pa kalikonse. Makina akagwira maola 1,500 okha pa chaka, €5.40 ija yasanduka €16.70, ndipo lendi ndi malipiro a antchito zikusenzedwanso ndi maola ochepa omwewo.

Ku Malawi masamuwa angasinthe pati?

Malipiro a antchito ndi otsika, choncho roboti sidzilipira msanga, ndipo makina a hydraulic osavuta kukonza ndi amene ali anzeru pa zidebe, mbale ndi mipando, katundu amene makampani monga Arkay Plastics ku Blantyre amapanga. Cholemera ndi ndalama zakunja. Makina, zikombole ndi timibulu zonse zimagulidwa ndi madola, ndipo kwacha itagwetsedwa ndi 25 peresenti mu May 2022 kenako 44 peresenti mu November 2023, aliyense amene anali atalipira dipoziti yokha anapeza kuti chotsalacho chakula ali m'tulo. Onjezani ulendo wa lole kuchokera ku Beira, Nacala kapena Dar es Salaam. Jenereta nayo imalowa m'bajeti yoyambira. Magetsi akazima, pulasitiki amaumira mu mpope, ndipo kuyambiranso kumataya nthawi ndi timibulu. Mphepo yamkuntho ya Ana itawononga Kapichira mu January 2022, dziko linataya pafupifupi mamegawati 130 kwa nthawi yoposa chaka.

Titagula zonse, pali ndalama zina zofunika kusunga pambali?

Zilipo za mitundu itatu. Yoyamba ndi ya kusintha chikombole, chifukwa kasitomala akaona sampulo m'manja amakumbukira zimene anaiwala. Kuchotsa chitsulo n'kosavuta, kubwezeretsa n'kovuta, ndiye opanga anzeru amasiya chitsulo chochulukirapo pamalo okayikitsa. Anthu ambiri odziwa ntchitoyi amaika padera 10 mpaka 20 peresenti ya bajeti yonse.

Yachiwiri ndi ya lamulo. Kuyambira July 2024, mabotolo apulasitiki a zakumwa osapitirira malita 3 ogulitsidwa mu European Union ayenera kukhala ndi chivindikiro chosachoka pa botolo. Zikombole zambiri za zivindikiro zakale, zina zikadali zamphamvu, zinafunika kusinthidwa kapena kupangidwa zatsopano. Lamulolo linavomerezedwa mu 2019, choncho amene ankawerenga anali ndi zaka zisanu zokonzekera.

Yachitatu ndi yoyendetsera ntchito. Tizivindikiro 10 miliyoni ndi matani 30 a polypropylene pa chaka, pafupifupi €48,000 pa mtengo tinayerekeza uja, ndipo wogulitsa timibulu amafuna kampani yatsopano ilipire msanga, mwina katundu asanatsike. Makampani akuluakulu ogula katundu wanu amalipira patapita masiku 60 kapena kuposa. Mukaphatikiza miyezi yodikira chikombole, ya kuyesa ndi ya kutsimikizira, fakitale yatsopano youmbira makampani a zachipatala ku Dublin iyenera kukhala ndi ndalama za lendi, magetsi ndi malipiro za pafupifupi chaka chathunthu isanalandire malipiro oyamba a kasitomala.